Tinawerenga omwalira, osowa tulo sitinawawerenge

Mu Januwale 2021, kolona atafika pothina, Pulezidenti Lazarus Chakwera analamula kuti nyumba ya boma ya kuno ku Zomba isanduke chipatala. Nyumba yomwe kale ankakhalamo abwanamkubwa achitsamunda, yomwe ambirife timangoionera kunja kwa mpanda, inalandira mabedi ndi masilinda a mpweya. Pa 11 Malichi chaka chomwecho Pulezidentiyo anabayitsa katemera wake woyamba pomwepo. Linali ganizo labwino ndipo sindikulitsutsa. Munthu akamabanika, choyamba ndi mpweya, zina zonse pambuyo.

Vuto langa ndi loti "pambuyo" pajapo sipanafike. Mliri uja unavulaza anthu m'mapapo komanso m'maganizo, ndipo bala lachiwirili tinangolimanga nsanza n'kupitiriza ulendo. Anthu amati chifukwa chake ndi umphawi wa dziko. Ine ndikuti umphawi ndi mbali chabe. Chachikulu n'choti pa nkhani ya maganizo, Amalawi timadziwa mayankho awiri okha: "limbani mtima" ndi "mutengereni ku mentolo". Munthu amene sanazungulire mutu, koma sakugona, sakudya, akungopsa mtima ndi ana popanda chifukwa, alibe khomo loti n'kugogoda. Ndipo n'zochititsa manyazi kuti izi zili choncho ngakhale mumzinda uno, momwe muli chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo m'dziko lonse.

Kumbukirani madzulo a masiku aja. Timadikira chikalata cha komiti ya Pulezidenti yolimbana ndi kolona, chosainidwa ndi Dr John Phuka kapena nduna ya zaumoyo Khumbize Kandodo Chiponda: apezeka nawo angati, agonekedwa angati, achira angati, atisiya angati. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo aliyense anadzifunsa kuti ngati akuluakulu okhala ndi zonse akupita chonchi, nanga ife? Pa WhatsApp panangodzaza zithunzi za makandulo. Pomwe mliri unkazirala, boma linali litawerenga omwalira oposa 2,600. Poyerekeza ndi mayiko ena chiwerengerochi n'chochepa, ndipo alipo amene amatengera pomwepo n'kumati tinapulumuka. Koma m'chikalata chija munalibe mzere wa namwino amene akulota odwala ake, kapena wa mayi amene sanaone nkhope ya mwamuna wake asanamukwirire. Zomwe boma silinawerenge, silinaziikirenso ndalama.

Ndiyambire m'wodi, chifukwa anthu ambiri samvetsa chomwe chinasintha m'menemo. Aliyense amene anagonekapo m'bale wake m'chipatala cha boma akudziwa kuti chipatala cha ku Malawi chimayenda ndi magadiyani. Gadiyani ndiye amaphika phala kukhitchini ya magadiyani, amasambitsa wodwala, kumutembenuza, kumuperekeza kuchimbudzi, kuchapa zofunda, n'kuthamangira namwino pakati pa usiku diripi ikatha. Amagona pansi pa bedi atayala chitenje. Zinthu zikavuta, ndiye amagwira dzanja, kuyambitsa nyimbo, kutseka maso a womwalirayo. Ntchito yonseyi salipidwa, ndipo sitiiona chifukwa tinaizolowera.

M'mawodi a kolona gadiyani sankaloledwa. Katundu yense uja anagwera namwino, yemwe ngakhale masiku abwinobwino amakhala ndi odwala ochuluka kuposa mphamvu zake. Tsopano muganizireni atavala chovala chosalowa mphepo m'chifundi cha Januwale, masiki kukamwa, magalasi achita nthunzi, thukuta likutsikira m'magambutsi. Sangamwe madzi, sangapite kokataya madzi mpaka atavula zonse, ndipo kuvulako n'koopsa kuposa kuvala. Wodwala samuona nkhope, amangomva mawu. Namwino yemweyo ndiye ankagwirizira foni pakhutu pa bambo wobanika kuti amve mawu a ana ake. Yemweyonso ndiye ankatuluka kupita pageti, pomwe abale aima ndi chakudya m'kontena yokulunga m'nsalu, kukawauza kuti chakudyacho abwerere nacho.

Pali china cholemera kuposa kutopa. Masabata aja mpweya unkaperewera, mpaka nzika wamba zinachita kusonkherana ndalama kudzera pa Facebook kuti zigulire zipatala masilinda ndi zipangizo zake. Mpweya ukachepa, wina amayenera kusankha woti aupume. Kusukulu ya unamwino amaphunzitsa kupulumutsa moyo. Saphunzitsa momwe ungagonere usiku utachotsa chipangizo pa agogo n'kuchiika pa mnyamata. Munthu wochita zimenezi sanalakwe, koma mtima wake umamuimba mlandu tsiku ndi tsiku. Ndipo pakutha pa shifiti palibe amene ankamukhazika pansi kumufunsa kuti zakuyenderani bwanji. Ambiri ankangosamba, kukwera minibasi, mawa n'kubweranso.

Minibasi yomweyo inali nkhondo ina. Mu Epulo 2020, matenda atangopezeka m'dziko muno pa 2 mwezi womwewo, kunamveka nkhani za ogwira ntchito zachipatala okanizidwa kukwera minibasi akaoneka ndi yunifomu, ndi ena omwe eni nyumba ankafuna kuwatulutsa m'nyumba za lendi. Kunyumba nako kunalibe mtendere. Mayi akafika, mwana akuthamangira kudzamukumbatira, iye n'kumukuwira kuti "ima pomwepo!", kenaka n'kuzungulira kubafa ndi ndowa. Mwana wa zaka zitatu samvetsa za kachilombo. Amangodziwa kuti amayi andikana.

Mwezi womwewo madokotala ndi anamwino ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera ndi alawansi ya chiopsezo, ndipo boma linakweza alawansiyo. Anali ndi chifukwa chomveka, ndipo ndalamayo inali yawo. Koma taonani zomwe zinatsatira. Boma linaona ngati nkhani ya ogwira ntchito zachipatala yathera pomwepo: mwalandira, gwirani ntchito. Mabungwe awo nawonso, pokhala kuti ndalama ndiyo imamveka msanga pokambirana, anakokera kwambiri komweko. Ndiye kumudzi mphekesera inabadwa yoti achipatala akulandira ndalama pa mutu uliwonse womwe anena kuti wafa ndi kolona. Alawansi yomwe inayenera kupepesa namwino inasanduka umboni womunamizira kuti akudyera pa maliro. Kunena zoona, ndi anthu ochepa m'dziko muno amene anapwetekedwa mbali zonse ngati iwowa.

Mphekeserayi inamera pa nthaka yachonde, ndipo nthakayo ndi maliro. Kwathu kuno maliro n'kulirana. Amayi amagona m'nyumba ya siwa, abambo panja pamoto, nyimbo usiku wonse. Adzukulu amalawirira kumanda. Pamakhala mwambo woona nkhope, pomwe aliyense amadutsa n'kutsimikiza ndi maso ake kuti zoonadi wapita. Kwa abale athu achisilamu, omwe ndi ambiri kuno ku Zomba ndi ku Machinga, thupi limasambitsidwa ndi anthu ake, kulikulunga m'nsanda, kulipempherera. Anthu ena ophunzira amaona ngati zonsezi n'kutaya nthawi ndi chimanga. Ine ndimaona kuti ndicho chipatala chathu chachikulu cha maganizo, chomwe makolo anamanga popanda thandizo la wina aliyense. Wofedwa sasiyidwa yekha, amapatsidwa malo olirira mokweza, ndipo pakapita masiku abale amakumananso kudzamumasula.

Kolona anatseka chipatala chimenechi. Galimoto inkafika ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, atabereka mapampu opopera kolorini. Bokosi losatsegula. Anthu osapitirira 50, ataima patali. Mwambo wa mphindi zochepa, kenaka aliyense kwawo. Mayi wamasiye ankabwerera m'nyumba momwe anansi akuopa kulowamo, ndipo chipepeso, ngati chinabwera, chinabwera pa foni. M'madera ena anthu anagenda maambulansi ndi kuthamangitsa achipatala pofuna kuti awatsegulire bokosi. Ambiri m'tauni tinati ndi umbuli. Kugenda munthu n'kulakwa, ndipo sindikuikira kumbuyo. Koma amene anagendawo sankafunsa za sayansi. Ankafunsa kuti, m'bokosimu mulidi m'bale wathu? Munthu amene wamanidwa kulira, chisoni chake chimatulukira kwina.

Chondipweteka n'choti phunziroli linalipo kale. Pa mliri wa Ebola kumadzulo kwa Africa mu 2014, anthu ankabisa odwala ndi mitembo chifukwa cha kaikidwe kopanda ulemu, mpaka bungwe la WHO linatulutsa ndondomeko yoti maliro akhale otetezeka komanso aulemu: abale aziona, atsogoleri achipembedzo azipemphera, banja lizifunsidwa. Ifenso tikanatha kuyamba pomwepo, kuphunzitsa adzukulu ndi osambitsa maliro a m'mizikiti kuvala zodzitetezera, kulola abale awiri atatu kuona nkhope ali chapatali. Zimenezi sizifuna mabiliyoni. Zimafuna kuti pokonza malamulo pakhale munthu wokumbukira kuti otsala nawonso ndi odwala.

Kunja kwa chipatala, nkhawa ya anthu ambiri sinali kachilombo ayi, inali ya m'thumba. N'chifukwa chake mavenda anachita zionetsero boma la Peter Mutharika litalengeza m'bindikiro wa masiku 21, womwe Khoti Lalikulu, kudzera mwa Jaji Kenyatta Nyirenda, linauimitsa pa 17 Epulo 2020. M'bindikiro sunachitike, koma ndalama inauma ndithu. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi ndipo zinayamba kutsegulidwa mu Seputembala. Kuno ku Zomba aliyense akudziwa tanthauzo la Chanco, yunivesite ya mumzinda uno, kutseka: eni nyumba za lendi ku Chikanda, amayi ophika chakudya, anyamata a kabaza, onse amadya kuchokera kwa ophunzira. Ogulitsa ziboliboli ndi zipatso mumsewu wa ku Chawe anakhala miyezi osaona mlendo. Aphunzitsi a sukulu zomwe si zaboma anangouzidwa kuti malipiro aima. Amene ankatumiza ndalama kuchokera ku Joni anabwerera pa basi ali chimanjamanja, n'kulandiridwa ngati onyamula matenda. Koma ngongole ya ku banki mkhonde sinaime, ndipo wakatapila sadziwa mliri.

Apolisi ananena kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu 182 anadzipha, pomwe miyezi yomweyo mu 2019 anali 116, ndipo ochuluka zedi anali amuna. Sindinganene kuti onsewa anaphedwa ndi kolona. Ngongole, mowa ndi mikangano ya m'banja zinalipo kale. Koma mliri unachotsa tizipilala tomwe tinkachirikiza anthuwa. Ndipo mwamuna wa ku Malawi tinamulera ndi mawu oti mwamuna salira. Akapita kuchipatala sanena kuti ndili ndi nkhawa. Amati mutu ukundiwawa, mtima ukuthamanga, m'thupi simukundikomera. Akilinikala, omwe panja pali mzere wa anthu ofika kumsewu, amamuyeza malungo, kumuyeza BP, kumupatsa panado, wotsatira alowe. Munthuyo amabwerera kawiri katatu, kenaka amasiya kubwera. Sindikuwadzudzula akilinikalawo. Funso loti "mukugona bwanji masiku ano?" limafuna mphindi khumi zomwe alibe, komanso malo oti amutumizeko munthuyo akayankha moona.

Ndikudziwa zomwe ena anganene, ndipo si zopusa. Dziko lomwe m'zipatala zake mumasowa ngakhale mankhwala a malungo lingayambe bwanji kusamala za tulo ta anthu? Komanso tili ndi mipingo, mizikiti, ankhoswe, anamkungwi. Za uphungu wa muofesi n'zachizungu. Mbali yoyamba ndiyankha motere: namwino wosweka mtima ndi vuto la mankhwala a malungo lomwelo. Ndiye amalakwitsa mlingo, ndiye amakalipira mayi woyembekezera mpaka mayiyo n'kulumbira kuti sadzaberekeranso kuchipatala, ndiye amasiya ntchito ya boma n'kupita ku bungwe kapena kunja. Timadandaula tsiku lililonse kuti anamwino ena ndi amwano, koma sitifunsa kuti anafika bwanji pamenepo. Boma limawononga zaka ndi ndalama kuphunzitsa munthu mmodzi, ndiye kumutaya chifukwa chosowa womumvera ndi kuwononga kwenikweni.

Mbali yachiwiri ndikugwirizana nayo theka. Zoonadi mpingo ndi banja zimanyamula anthu ambiri, ndipo palibe katswiri angalowe m'malo mwake. Koma mliri, mwa chikhalidwe chake, umatseka zimenezi poyamba: mapemphero anachepetsedwa, maliro anafupikitsidwa, kuyenderana kunaletsedwa. Sungadalire chinthu chomwe iwe mwini walamula kuti chitsekedwe. Komanso tinene chilungamo, si abusa onse amene amadziwa kusiyanitsa chisoni ndi matenda. Alipo amene amauza munthu wofuna kudzipha kuti ali ndi chiwanda kapena chikhulupiriro chake n'chochepa, ndipo munthuyo amachoka ali ndi katundu woposa amene anabwera naye.

Nanga ku mentolo? Mbiri yake ikufotokoza chifukwa chomwe anthu amaopera. Chisamaliro cha odwala misala m'dziko muno chinayambira kundende ya Zomba mu 1910, ndipo chipatala chomwe tikuchidziwachi chinatsegulidwa mu 1953. Nthawi yonse ya kolona, lamulo loyendetsa nkhanizi linali lija la atsamunda la 1948, ndipo pansi pa gawo 229 la malamulo a milandu, munthu wopulumuka atafuna kudzipha ankatha kutengeredwa kukhoti m'malo mwa kuchipatala. Chinthu chobadwira m'ndende chimavuta kuchotsa fungo la ndende. Ogwira ntchito pachipatalachi amagwira ntchito yolemera yomwe ambirife sitingaipirire, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza kwambiri. Koma zipatala zimenezi n'za amene matenda awakulira. Namwino wa ku Matawale amene akungolira m'bafa sangapite kukaima pamzere kumeneko, pomwe mwina wolemba makadi ndi mnzake wa kusukulu. Bambo wa ku Jali kapena ku Kachulu sangawononge ndalama ya thiransipoti kuti akauze dokotala kuti akuganiza kwambiri, n'kubwerera kumudzi atatchedwa wamisala.

Chomwe chikusowa ndi khomo lapakati, lapafupi, lopanda chizindikiro chochititsa manyazi. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench: agogo aakazi ophunzitsidwa kumvetsera ndi kuthandiza munthu kusanthula mavuto ake limodzi ndi limodzi, atakhala pa benchi panja pa chipatala chaching'ono. Kafukufuku anaonetsa kuti njirayi imachepetsadi matenda a nkhawa, ndipo yayesedwapo kuno ku Malawi. Ife tili ndi poyambira pabwino kuposa pomwe tikuganizira. Alangizi a zaumoyo ali m'mudzi uliwonse ndipo amadziwa khomo lomwe mwagwa maliro. Tili ndi anamwino omwe anaphunzira za matenda a maganizo, koma ambiri amaikidwa kuwodi ya amayi kapena ya ana chifukwa cha kuchepa kwa anthu, luso lawo n'kumachita dzimbiri. Mumzinda uno muli Yunivesite ya Malawi yomwe imaphunzitsa za kaganizidwe ka munthu, muli sukulu ya anamwino, muli YONECO yomwe ili ndi wailesi komanso manambala aulere oimbirapo. Zipangizo zilipo, zangobalalika.

Kwa achipatala eniake, zofunika n'zosavuta kuzitchula. Munthu asakhale m'wodi ya mliri miyezi yotsatizana osasinthidwa. Tchuthi chikhale tchuthi, osati chogulidwa ndi lokamu, ntchito yowonjezera yolipidwa padera, chifukwa malipiro sakukwana. Pakachitika imfa zambiri, gulu lonse la pa shifiti, kuphatikizapo okolopa, oyendetsa ambulansi ndi a kumotchale omwe timawaiwala nthawi zonse, likhale pansi ndi munthu wodziwa kutsogolera zokambirana zotere. Ndipo amene akufuna kuonana ndi phungu payekha apeze wina amene si bwana wake, chifukwa palibe angaulule kuti akumwa mowa kuti agone kwa munthu yemwe amasaina fomu yake yokwezedwa pantchito.

Amene anganene kuti ndalama kunalibe akumbukire K6.2 biliyoni ija yomwe boma linatulutsa yolimbana ndi kolona. Kafukufuku wa momwe inayendera, yemwe anatuluka mu Epulo 2021, anapeza kuti ina mwa ndalamayo inathera m'maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko, mpaka nduna ya zantchito Ken Kandodo inachotsedwa. Nkhaniyi payokha inavulaza maganizo a anthu. Namwino amene ankabwereza masiki imodzi anamva kuti ena ankalandira ndalama za misonkhano m'mahotela. Wofedwa amene anamvera lamulo n'kuika m'bale wake mwachangu anamva kuti olamulawo ankadya. Kuyambira pamenepo uthenga uliwonse wa boma, ngakhale woona, unkalandiridwa ndi tsinya, ndipo mu Meyi 2021 dziko linawotcha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 yemwe anatha mphamvu asanabayidwe.

Anamwino omwewo sanapume. Mu Malichi 2022 kolera anabuka kwa anansi athu ku Machinga, n'kufalikira dziko lonse, n'kupha anthu oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri yathu. Matenti anamangidwanso, kolorini anapoperedwanso, mphekesera zoti achipatala ndiwo akupha anthu zinabweranso. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mapiri ndi nyumba kuno kummwera, ndipo omwewo ndiwo analandira mitembo yodzaza matope. Amene anayamba ntchito mu 2019 waona m'zaka zinayi zomwe akuluakulu ake sanaone m'zaka makumi awiri, ndipo akadali pa shifiti.

Khonsolo ya boma la Zomba ndi ya mzinda zimakhala ndi dongosolo lokonzekera ngozi ndi miliri, ndipo limakambidwa pamaso pa makhansala, mafumu ndi akuluakulu a zaumoyo. M'madongosolo otere simulephera kupezeka matenti, kolorini, mafuta a galimoto ndi maalawansi. Khansala wa dera lanu mukakumana naye, mufunseni kuti pa mliri wotsatira ndani adzaphunzitse adzukulu kuika maliro mwaulemu, ndani adzayendere amasiye sabata yotsatira, ndani adzakhale pansi ndi anamwino, ndipo ndalama yake yalembedwa pa mzere uti.